Musanamulipitse mbuzi, mufunseni chomwe akuthawa

M'midzi yambiri kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, mayi akachirira pakhomo kapena panjira amadziwa kuti mlandu ukumudikira kwa amfumu. Kwina ndi nkhuku, kwina mbuzi, kwina ndalama. Ine ndikuti chindapusa chimenechi ndi nkhanza, ndipo chikubisa funso lomwe tonse tikulizemba: mayi wanzeru zake, wodziwa bwino kuti uchembere umapha, amazengerezeranji kupita kuchipatala?

Tikumbutsane kaye. Mu 2007 boma lidaletsa azamba akumudzi kubereketsa. Mu 2010 Bingu wa Mutharika adati m'malo mowaletsa, aphunzitsidwe. Joyce Banda atalowa m'boma mu 2012 adakweza mbendera ya uchembere wabwino, mafumu nawo n'kulimbitsa malamulo a m'midzi. Manambala adasintha ndithu. Kafukufuku wa 2015-16 adapeza kuti ana 91 mwa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala, ndipo imfa za amayi zidatsika kuchoka pa 675 m'kafukufuku wa 2010 kufika pa 439 pa ana 100,000 obadwa amoyo. Zimenezo sindikutsutsa. Magazi akayamba kutayika kapena mwana akapingasa, mzamba alibe chochita. Koma 439 ndi maliro ambiri zedi m'dziko lomwe pafupifupi mayi aliyense wafika kale pakhomo la chipatala. Ndiye kuti vuto lina lili mkatimo.

Taganizani za mayi wa pachilumba cha Chisi zinthu zikavuta. Akwere boti mpaka padoko la Kachulu, kenako msewu wa makilomita pafupifupi 30 kuti afike mtawuni ya Zomba. Nyanja ikaphwa ngati mu 2018, boti limatitimira m'matope, matemba amasowa, ndalama ya kabaza nayo n'kusowa. Komabe amanyamula zitenje, beseni, lezala ndi pepala lapulasitiki lija adamuuza kusikelo. Munthu wotere mungamutchule mbuli, eti?

Sindikuloza chipatala chimodzi, koma funsani azakhali anu kapena achemwali anu zomwe adamvapo m'chipinda chochirira. Kukalipiridwa chifukwa chitenje n'chakale. Kufunsidwa mwachipongwe ngati anamwino analipo tsiku lomwe mimbayo inkalowa. Kuvulidwa popanda katani, anthu akudutsa. Mayi wolankhula Chiyao kufotokozeredwa m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, iye n'kungovomera chifukwa cha mantha. Amayi ake omubereka, omwe akanamusisita msana, atsala panja. Munthu akanyozedwa kamodzi, mimba yachiwiri amayamba sikelo mochedwa, ndipo chizindikiro choopsa amachibisa. Chipongwe chimapha pang'onopang'ono, chimangosowa pochilemba pa buku lakuchipatala.

Izi si zathu zokha. Ku Canada, pa 28 September 2020, Joyce Echaquan, mayi wa mtundu wa Atikamekw, omwe ndi eni nthaka kumeneko, adamwalira m'chipatala cha ku Joliette atajambula pa Facebook ogwira ntchito akumunyoza iye akulira ndi ululu. Ku New Zealand, namwino wa mtundu wa Māori, Irihapeti Ramsden, adalimbana mpaka mu 1992 anamwino onse adayamba kuyesedwa mayeso pa nkhani yosamala munthu molemekeza chikhalidwe chake. Mfundo yake inali yachidule: woweruza ngati chisamaliro chinali chabwino ndi wodwala, osati wopereka. Kwathu kuno khungu la namwino ndi la mayi ndi limodzi, inde. Koma mpanda ulipo: sukulu, Chingerezi, yunifomu, ndi fungo la nsomba lomwe ena amalikwinyira mphuno.

Wina anena kuti ndikuikira kumbuyo miyambo yoipa. Ayi ndithu. Mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda akhoza kung'amba chiberekero. Kukakamiza mayi kuti aulule chibwenzi pamene mwana akuchedwa kubadwa ndi nkhanza, ndipo kumatayitsa nthawi. Koma mayi amene wamwa mankhwalawo adzaulula kwa ndani, kwa womukalipira kapena kwa womufunsa modekha? Mwambo woopsa umagonja pokambirana. Ukaukalipira umangolowa m'thumba la chitenje.

Wina anenanso kuti anamwino ndi otopa. Zoona. Namwino mmodzi usiku wonse, amayi angapo akubuula, magetsi azima, magulovu atha. Mkwiyo wanga waukulu ukupita kwa amene amamusiya yekha chonchi. Koma kutopa sikupatsa munthu chilolezo chomenya mbama mayi amene ali pakati pa moyo ndi imfa. Moni sagula. Kufotokoza musanamugwire thupi sikudikira bajeti ya ku Capital Hill.

Achinyamata anzanga, nkhaniyi ndi yathunso. Kafukufuku yemwe uja adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Mtsikana wa ku Kachulu akapita kukafuna njira yolera n'kulandira ulaliki, kapena kumva mawa lake kuti nkhani yake yafika kumsika, sabwererakonso. Tidzamuona patatha miyezi isanu ndi inayi, tili ndi chingwe cha mbuzi m'manja.

Ndiye zomwe ndikufuna ndi izi. Mafumu a kwa Mwambo, kwa Kuntumanji ndi kwa Mkumbira asiye kulipitsa mayi wochirira panjira, ndipo mphamvu yomweyo aigwiritse ntchito posonkhetsa thumba la boti ndi mafuta a njinga yamoto. Mayi aliyense aloledwe kulowa ndi munthu mmodzi amene wamusankha yekha. Pachipatala pakhale wina womva Chiyao nthawi zonse. Azamba akale akhale operekeza olemekezeka, osati ogwidwa ngati akuba. Ndipo makomiti a pachipatala azifunsa amayi otuluka funso limodzi, namwino palibe: kodi mungamutumize mwana wanu kuno?

Yankho la funso limenelo lizipachikidwa pakhoma, pafupi ndi manambala aja timanyadira.