Sukani tcheni musanathire oilo

Ana anga a ku Luwawa, ku Jenda, ku Embangweni mpaka pa boma la Mzimba, njinga yakapalasa ndiyo ikudyetsa mabanja ambiri kuno kwathu. Imasenza mbatatesi ndi tomato kupita ku msika wa Jenda, imafikitsa odwala kuchipatala, ndipo anyamata a kabaza amapezera pomwepo ya sopo ndi mchere. Chondidabwitsa n'chakuti ambiri mumapukuta felemu mpaka kuwala, chishalo mwachikongoletsa ndi nsalu, koma tcheni chili bii, chikulira kwee kwee pamtunda uliwonse. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dera lathu silichitira chisoni tcheni. Pamwamba pa mapiri a Viphya mvula ndi nkhungu sizisowa, ndipo msewu wadothi wochoka pa M1 kulowera ku Luwawa umakhala matope m'dzinja, fumbi m'chilimwe. Walira mvula walira matope, choncho amene wasankha kudyera njinga avomerenso ntchito yoisamala.

Vuto limene ndimaona kawirikawiri ndi ili. Tcheni chikayamba kulira, mnyamata amakapempha oilo wakuda wotsala mu injini ya galimoto kapena ya chigayo, n'kumukhuthulira pamwamba pa matope. Phokoso limaleka, iye n'kumati wakonza. Koma oilo ameneyo ali kale ndi tizitsulo tating'onoting'ono, ndipo akasakanikirana ndi mchenga amagwira ntchito ngati mwala wonolera mpeni. Mukamapalasa, amadya timisomali tolumikiza tcheni, tcheni chimatalika, kenako chimayamba kudya mano a giya. Mafuta ophikira nawonso ayi, chifukwa amauma n'kusanduka ulimbo wokola fumbi.

Kutsuka bwino sikulira ndalama zambiri. Pezani mswachi wakale, sanza ziwiri, kachitini ka palafini pang'ono, madzi a sopo ndi oilo watsopano. Petulo musamuyandikize, sachedwa kugwira moto. Tembenuzani njinga chagada pamthunzi, chishalo ndi mahandulo zili pansi. Yambani ndi kamtengo kosongoka kukolopola dothi louma pakati pa mano a giya yaikulu ya kutsogolo ndi yaing'ono ya kumbuyo. Kenako viikani mswachi mu palafini, muzitsuka tcheni pang'onopang'ono uku mukuzunguza pedulo ndi dzanja linalo. Zala zikhale kutali ndi mano a giya, maka tayala likamazungulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tsukani mbali zonse, kunja ndi m'kati, mpaka chitsulo chioneke.

Palafini asadonthere pa tayala, pa limu kapena pa mabuleki, ndiponso asalowe m'kati mwa habu, poti amasungunula girizi amene ali m'menemo. Mukatha, tsukuluzani ndi madzi a sopo, pukutani ndi sanza, ndipo muisiye njinga padzuwa iume ndithu. Mukathira oilo pa tcheni chonyowa, mwatsekera madzi m'kati ndipo dzimbiri liyambira pomwepo.

Pothira oilo, dontho limodzi pa mfundo iliyonse ya tcheni n'lokwanira, chakum'kati kumene chimakhudzana ndi mano. Zunguzani pedulo kangapo, dikirani pang'ono kuti oiloyo alowe, kenako pukutani yense wotsala pamwamba ndi sanza youma. Apa ndi pamene ambiri amatsutsa, amati chonyezimira ndicho chakhuta. Ayi, oilo amagwira ntchito m'kati mwa mfundo. Wa pamwamba ntchito yake n'kuitana fumbi ndi kudetsa thalauzi basi.

Tcheni chikayera, chiyeseni. Pa njinga ya giya imodzi, chikanikizeni ndi chala pakati, chiziyenda pafupifupi sentimita imodzi m'mwamba ndi pansi. Chikathina kwambiri chimalemetsa njinga, chikakhwepa chimaguluka. Kenako tengani rula. Pa tcheni chatsopano, mukasankha kamsomali kamodzi n'kuwerenga ena 24 otsatira, kutalika kwake ndi mainchesi 12, kapena kuti masentimita 30.5. Ngati chapyola ndi mamilimita awiri, gulani china msanga. Chikafika atatu kapena kuposa, mano a giya amakhala atadyeka kale, ndipo tcheni chatsopano chizingolumpha pa mano akuthawo. Zengerezu adalinda kwawukwawu: wozengereza kugula tcheni amadzagula tcheni ndi magiya omwe, kapena kukankha njinga yodzaza katundu pachitunda tcheni chitaduka.

Onani alendo amene amabwera kudzapalasa njinga za m'mapiri ku Luwawa. Njinga zawo n'zodula, za magiya ambirimbiri, komabe akachoka m'nkhalango ya paini amafikira kutsuka tcheni. Nanga ife amene njinga ndiyo khasu lathu tilekerenji? Ngati yanu ili ya magiya, musaiwale timawilo tiwiri tating'ono ta kumbuyo timene tcheni chimadutsamo, poti dothi limakonda kuunjikana pamenepo.

Palafini wakuda musamutaye mumtsinje kapena pafupi ndi damu la Luwawa, chifukwa madziwo ndi a tonse. Musungeni m'botolo, zinyalala zikhazikike pansi, mudzamugwiritsenso ntchito. Botololo likhale potalikira ana, ndipo lisakhale la chakumwa.

Mukaona mano a giya asongoka, kapena pedulo ikuzungulira yokha tayala osayenda, musalimbane nazo ndi mwala ndi msomali. Safunsa adadya phula. Pitani kwa okonza njinga pamsika, mukhale pafupi muone m'mene akuchitira. Koma kutsuka ndi kwanu: m'dzinja sabata iliyonse komanso mukangoyenda m'matope, m'chilimwe kawiri pamwezi. Ndipo inu amene mumayendetsa njinga ya eni, samalani koposa, pakuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.