Yes ndi Chimbale cha 90125

Chimbale cha 90125, chomwe gulu la ku Britain la Yes lidatulutsa mu 1983, chidagawa otsatira ake pawiri. Akale adazolowera nyimbo zazitali ngati Close to the Edge ya mu 1972, yodzaza mbali imodzi yonse ya chimbale kwa mphindi zoposa 18. Apa adangomva zazifupi, zokomera wailesi, gitala ili m'manja mwa Trevor Rabin wa ku Johannesburg m'malo mwa Steve Howe. Adadandaula kuti gululo lathamangira ndalama, ndipo sadaname kwenikweni, poti ntchitoyi idayamba pansi pa dzina la Cinema, woimba wa gululo Jon Anderson asanabwerere. Komabe nyimbo ya m'chimbalechi ya Owner of a Lonely Heart idafika pa nambala 1 ku America mu Januwale 1984. Paulendo woimba wa 1984 mpaka 1985, achinyamata omwe adalidziwira gululo pa MTV adakhamukira kumabwalo, ndipo gululo linkatonthoza akale powaimbira nyimbo yakale ya Roundabout.