Nthaka ya ku Uraha inasunga, hard disk ya msuweni wanga inataya

Ku Uraha, m'boma la Karonga, nthaka inasunga nsagwada ya munthu wamakedzana kwa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linaipeza mu 1991, n'kuipatsa nambala UR 501, mano ena akadali pomwepo. Koma msuweni wanga wa dera lomwelo walephera kusunga zithunzi za mayi ake kwa zaka zinayi zokha.

Mnyamatayu amajambula maukwati ndi zinkhoswe. Ntchito yake yonse ankaiunjika mu hard disk imodzi yolumikiza ndi chingwe. Tsiku lina akukopera zithunzi, mwana anakoka chingwe, chinthu chija n'kugwa pasimenti. Atachilumikizanso chinangoyamba kulira kuti ke-ke-ke, basi. M'menemo munali maukwati awiri omwe eni ake anali asanalandire zithunzi, komanso vidiyo yokhayo ya malemu mayi ake akuvina pa chinkhoswe. Anandiimbira usiku: "Asuweni, kodi ndikanagula SSD ija munkanenayi, zikanachitika zimenezi?"

Yankho lake si lalifupi, ndiye tiyeni tione kaye za m'kati mwa zinthu ziwirizi.

Hard disk ndi yakale ndithu. Yoyamba inatulutsidwa ndi IBM mu 1956, inali ndi mbale 50 zazikulu, koma zomwe inkasunga sizingakwane ngakhale vidiyo imodzi ya pa WhatsApp ya masiku ano. Mpaka lero kapangidwe kake n'komweko: mbale zozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kadzanja kowerenga komwe kamayandama pamwamba pa mbalezo osazikhudza, mpata wake wochepa kwambiri kuposa tsitsi. Ikagwa ikugwira ntchito, kadzanja kaja kamakanda mbale. Kulira komwe anamva msuweni wanga nthawi zambiri kumatanthauza kuti kadzanjako kakulephera kuwerenga.

SSD ilibe chozungulira chilichonse. Imasunga zinthu mu timachipu totchedwa flash memory, luso lomwe Fujio Masuoka anayambitsa ku Toshiba m'zaka za m'ma 1980. Ndi mtundu womwewo uli mu foni mwanumo. N'chifukwa chake foni imagwa kangapo, galasi n'kusweka, koma zithunzi zili chikhalire. SSD yapakatikati imawerenga ma megabyte pafupifupi 500 pa sekondi, pamene hard disk ya mu laputopu imangofika cha m'ma 100. Za mtundu wa NVMe zimafika masauzande. Imadyanso batire pang'ono, zomwe si nkhani yaing'ono kwa munthu wodalira sola kapena woyembekeza kuti magetsi abwera liti.

Ndiye inde, kugwa kuja SSD mwina ikanapulumuka. Ngati mumayenda ndi laputopu pa kabaza kapena m'minibasi ya pa msewu wa M1, SSD ndiye yoyenera inu. Ndipo ngati munagula laputopu yakale yomwe imati ikamayaka mumatha kuthira tiyi n'kumwa, musafulumire kuitaya. Zambiri zimalola kuchotsa hard disk n'kuikamo SSD ya mainchesi 2.5, kompyuta n'kumathamanga ngati yatsopano. Pogula yogwiritsidwa kale ntchito, pemphani wogulitsayo atsegule pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Imaonetsa maola omwe disk yagwira ntchito ndi mmene thanzi lake lilili.

Komatu SSD nayo ili ndi matenda ake. Choyamba, pa malo ofanana imadula kuposa hard disk, ndiye wojambula mavidiyo ambiri amamva kuwawa m'thumba. Chachiwiri, timachipu take timatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukalembamo, ngakhale kwa ambiri a ife zimenezi zimatenga zaka zambiri. Chachitatu, hard disk kambiri imayamba yadwala, kuchedwa, kulira, inu n'kuzindikira. SSD imatha kungofa mwakachetechete, ndipo kutulutsamo zinthu ikafa n'kovuta kwambiri. Chachinayi, imasunga pogwiritsa ntchito timphamvu tamagetsi totsekeredwa m'kati, tomwe timachepa ikakhala nthawi yaitali osayatsidwa, makamaka kotentha. Inu mukudziwa mmene Karonga amawotchera mu Okutobala. Kuika SSD m'chikwama cha pansi pa bedi kwa zaka, m'nyumba ya malata, n'kumati mwasunga, kumeneko n'kudzinamiza.

Choncho vuto la msuweni wanga silinali mtundu wa disk ayi. Vuto linali loti zonse zinali pamalo amodzi. Odziwa za makompyuta ali ndi lamulo losavuta: chinthu chofunika chikhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba yanu. Kwa ife zikutanthauza kuti ntchito ya tsiku ndi tsiku ikhale pa SSD, kope lachiwiri pa hard disk yokhala phee pa shelefu kutali ndi ana, ndipo zithunzi zomwe simungazijambulenso zikwere pa intaneti. Akaunti ya Google imapatsa ma gigabyte 15 aulere. Bandulo ya usiku umodzi ndi yotchipa kuposa misozi. Memory card ndi ma flash a pamsika musawawerengere kwenikweni, chifukwa ena ndi achinyengo, amalemba kukula komwe alibe.

Maukwati awiri aja msuweni wanga anawapeza pang'ono mu memory card ya kamera, ndalama zina anabweza. Vidiyo ya mayi ake tinaifunafuna m'mafoni a achibale mpaka tinapeza kachidutswa ka masekondi makumi awiri komwe mlongo wake anatumiziridwa kalekale. Sikaoneka bwino, koma mawu akumveka. Pano kali m'malo anayi.

Madzulo ano, musanalowe pa TikTok, tsegulani foni yanu ndipo mudzifunse: ndi chithunzi chiti chomwe chili muno mokha? Chimenecho yambani nacho.