Musamasapote processor ngati timu ya mpira

Sabata yatha ndinapeza anyamata awiri a Fomu 3 akukangana mu labu ya makompyuta. Wina ankati Intel ndiye mfumu, mnzakeyo ankati AMD inaigwetsa kalekale. Mmene ankakanganiramo, ukanangoti akukamba za Maule ndi Manoma. Kenako mmodzi anati, "Za Intel zija n'zobooka, ma hacker amangolowa." Mnzake anangoti, "Bodza!" Ndiye ndati lero tikambirane bwinobwino, chifukwa mwina ena mwa inu mugula laputopu mukamaliza MSCE, ndipo wogulitsa adzakuuzani zomwezi.

Maganizo anga ndi awa: palibe kampani imene imapanga processor yopanda chilema. Funso lofunika ndi lakuti, chilemacho chikapezeka, kampaniyo imatani? Ndipo chimene chimaikakamiza kuchita zoyenera, nthawi zambiri, ndi kuopa kuti makasitomala athawira kwa anzake.

Tiyambe ndi processor yeniyeniyo. Ndi kachipangizo kakang'ono kamene kamachita masamu onse ndi kutsatira malangizo a mapulogalamu mu kompyuta kapena mu foni. M'kati mwake muli ma transistor, omwe ndi timaswitchi ting'onoting'ono, ndipo masiku ano timakhalamo mabiliyoni. Pulogalamu ikalakwika, eni ake amatumiza update, basi nkhani yatha. Koma processor inaumbidwa kale pa silicon kufakitale. Ili ngati nyumba imene maziko ake anakhota: mutha kuchirikiza khoma, koma kuti muwongole mazikowo muyenera kumanga ina.

Tengani calculator yanu. Gawani 4,195,835 ndi 3,145,727. Yankho ndi 1.333820, kenako manambala ena. Mu 1994, processor ya Intel yotchedwa Pentium inkapereka 1.333739. Inde, kompyuta inkalakwitsa samu yogawa! Pofuna kugawa mwachangu, Pentium inkayang'ana m'tebulo la manambala losungidwa m'kati mwake, ndipo manambala ochepa amene anayenera kukhala m'tebulomo anasowa. Amene analengeza za vutoli ndi Thomas Nicely, pulofesa wa masamu pa Lynchburg College ku Virginia, m'dziko la America. Iye ankafufuza za ma prime number ndipo anaona kuti mayankho ake sakugwirizana.

Zinadzadziwika kuti Intel inali italiona kale vutoli miyezi ingapo m'mbuyomo, koma sinauze anthu. Nkhani itawanda, kampaniyo inati munthu wamba wogwiritsa ntchito spreadsheet angakumane nalo kamodzi pa zaka 27,000, choncho isinthira okhawo amene angasonyeze kuti ntchito yawo imafuna masamu olondola kwambiri. Taganizani: mwagula chinthu chokhala ndi chilema, ndiye wogulitsa akuti mumutsimikizire kaye kuti ndinu woyenera chinthu chabwino.

Apa ndi pamene mpikisano unalowererapo. Mu Disembala 1994, kampani ya IBM inasiya kutumiza makompyuta ake okhala ndi Pentium, ndipo inati ena angakumane ndi vutoli kamodzi pa masiku 24 alionse. Kodi IBM inachita izi chifukwa chokonda anthu? Ine sindikhulupirira choncho kwenikweni, pakuti inali ndi processor yakeyake, PowerPC, imene inapanga mogwirizana ndi Apple ndi Motorola. Koma kaya mtima wake unali wotani, ogula anapindula. Mwezi womwewo usanathe, Intel inavomera kusinthira aliyense amene wapempha, ndipo zinaidyera madola 475 miliyoni. Inaphunzirapo kanthu: kuyambira pa Pentium Pro ya mu 1995, timalangizo ta m'kati mwa processor, totchedwa microcode, tinayamba kutheka kukonzedwa ndi update, kuti zilema zina zizikonzeka osabweza chipangizo chonse.

Tsopano tidumphe zaka 23, tifike pa nkhani ya "kubooka" imene mnyamata uja ankanena. Mu Januwale 2018, akatswiri ofufuza, kuphatikizapo Jann Horn wa ku Google ndi gulu la ku yunivesite ya Graz ku Austria, analengeza zilema ziwiri zotchedwa Meltdown ndi Spectre. Apa masamu ankalondola bwinobwino. Vuto linali lakuti zinsinsi zinkatha kutuluka.

Kuti mumvetse, ganizirani mayi wa pa golosale amene amadziwa makasitomala ake. Akangoona munthu wina akubwera chapatali, amathamangira kuchipinda chakumbuyo n'kukatenga shuga, poti munthuyo amagula shuga masiku onse. Akalondola, wapulumutsa nthawi. Akaphonya, shugayo sagulitsidwa, ndipo m'kaundula salembamo chilichonse. Ma processor amachitanso chimodzimodzi: amalosera langizo lotsatira n'kuyamba kuligwira lisanafike. Akaphonya, amataya zotsatira zake. Njira imeneyi imatchedwa speculative execution, ndipo ndi imodzi mwa zinthu zimene zinachititsa makompyuta kuthamanga kwambiri kuyambira m'ma 1990.

Koma taonani, shuga uja watsala pa kauntala. Kazitape akabwera n'kupempha shuga, amupatsa nthawi yomweyo. Akapempha mchere, mayiyo apita kaye kumbuyo. Pongowerenga nthawi imene yadutsa, kazitapeyo wadziwa chimene chinatengedwa posachedwa, ngakhale sanaone m'kaundula. Mu processor, kauntala imeneyi ndi cache, kamalo kosungira zinthu pafupi kuti zizipezeka msanga. Pulogalamu yoipa imanyengerera processor kuti ilosere molakwika ndi kukhudza chinsinsi, monga password, kenako imayeza nthawi mobwerezabwereza mpaka itatola chinsinsicho pang'onopang'ono.

Nanga ndani anakhudzidwa? Meltdown inagwira kwambiri ma processor a Intel ndi ena ochepa a ARM. A AMD inawaphonya. Apa mnyamata woyamba uja ananena zoona. Koma Spectre inagwira onse: Intel, AMD ndi ARM, imene mapulani ake ndi amene ali m'ma processor a mafoni ambiri amene muli nawo m'manjamo. Chifukwa chake n'chosavuta. Makampani onsewa ankapikisana pa liwiro, ndipo onse anatenga njira yomweyo yolosera. Ifenso ogula tinkafunsa funso limodzi lokha: "Ikuthamanga bwanji?" Walira mvula walira matope.

Mankhwala ake anali ma update amene anatseka mipata, koma anachepetsako liwiro pa ntchito zina, makamaka pa makompyuta akuluakulu osungira zinthu za pa intaneti, otchedwa ma server. Kampani yokhala ndi ma server masauzande ikataya liwiro ngakhale pang'ono, imayenera kugula ena owonjezera. AMD inali itangotulutsa kumene Ryzen ndi EPYC mu 2017, ndipo ogula akuluakulu anapeza chifukwa chinanso choyang'anira kumeneko. Koma tisakokomeze. Kukwera kwa AMD m'zaka zotsatira kunachokeranso poti mapangidwe ake a Zen anali abwino, kampani ya TSMC ya ku Taiwan inkaipangira ma processor ndi luso latsopano, pamene Intel inachedwa kukonza mafakitale ake. Chilema pachokha sichigwetsa kampani. Chimangotsegula chitseko, ndipo amalowapo ndi mnzake amene anakonzeka kale.

Ndipo inu osapota AMD, musaseke kwambiri. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Mu 2007, processor yake ya Phenom inatuluka ndi chilema chimene chinkatha kuimitsa kompyuta, ndipo njira yochizembera inachepetsa liwiro mpaka pamene anatulutsa yokonzedwa mu 2008. Mu 2023, Tavis Ormandy wa ku Google anapeza Zenbleed, chilema chotulutsa zinsinsi m'ma processor a Zen 2. Chaka chomwecho Intel nayo inapezeka ndi china chotchedwa Downfall. Mu 2024, ma processor ena a Intel Core a m'badwo wa 13 ndi 14 anayamba kuzimitsa mapulogalamu chifukwa cholandira voltage yochuluka, ndipo kampaniyo inatulutsa microcode yatsopano n'kuwonjezera zaka 2 pa waranti.

Mwina wina anganene kuti, "Ndiye mpikisanowo ndi woipa, si umene ukuwathamangitsa mpaka kulakwitsa?" Pali zoona pamenepo. Mpikisano umachititsa makampani kupupuluma, ndipo umawapatsa chifukwa chobisira zolakwa zawo. Koma taganizani dziko lokhala ndi kampani imodzi yokha yopanga ma processor. Ikalakwitsa, chilemacho chili mu kompyuta iliyonse, m'banki iliyonse, m'chipatala chilichonse, ndipo palibe kothawira. Ingavomere chifukwa chiyani? Ine ndimaona kuti pafunika zinthu ziwiri pamodzi: makampani angapo opikisana, komanso anthu akunja omasuka kufufuza ndi kulengeza zimene apeza. Nicely sanali wantchito wa Intel. Anali mphunzitsi wa masamu amene sanavomere yankho chifukwa choti lachokera mu kompyuta.

Nanga inuyo mutani? Choyamba, musamakane ma update poti amadya bundle. Spectre inasonyezedwa kuti ingagwire ntchito ngakhale kudzera pa tsamba la pa intaneti, n'chifukwa chake mapulogalamu monga Chrome ndi Firefox anasinthidwa. Chitetezocho chimakufikani pokhapokha mukalola update. Chachiwiri, mukamagula laputopu yakaunjika, musangoyang'ana sitika ya Core i7 kapena Ryzen. Funsani kuti processor yake ndi ya chaka chiti, komanso ngati ikulandirabe ma update. Kumbukirani kuti Microsoft inasiya kupereka ma update a nthawi zonse a Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sakwanitsa zofunika za Windows 11. Chachitatu, mukamva kuti kampani yakutiyakuti yapezeka ndi chilema, funsani kuti inadziwa liti, inalengeza liti, ndipo ogula inawachitira chiyani.

Anyamata awiri aja ndinawapatsa homuweki: akapeze chilema chimodzi cha kampani imene aliyense amasapota, afotokoze mmene chinkagwirira ntchito ndi mmene chinakonzedwera. Inunso yesani, mutilembere m'munsimu zimene mwapeza.