Mafuta Odzola Naonso Aonongeka

Abale, bodza lafala m'midzi mwathu lakuti mafuta odzola a m'sitolo saonongeka. Iai ndithu! Makolo athu poyenga mafuta a nsatsi anadziwa kutaya amene fungo lao lasandulika. Koma ife odziwa kuwerenga tisunga botolo caka ndi caka pazenera potentha, ndi kupisamo zala zosasamba.

Taonani pa botolo. Pa ambiri pajambulidwa kambiya kobvundukula, ndi malemba akuti 6M kapena 12M, ndiyo miyezi yakudzola mutatsegula. Ikatha miyeziyo, mankhwala oletsa kubvunda afooka, madzi alekana ndi mafuta, ndipo tizirombo tiswana m'menemo. Mwana wodzozedwa otere akhoza kuturuka zidzolo, ndipo ndalama munaumirazo zithera pa ulendo wa ku cipatala.

Nanga amalonda aja othira mafuta m'timabotolo topanda dzina kapena tsiku, nawayala padzuwa pamsika? Abisa cimene wogula ayenera kudziwa, ndipo kutero ndiko kunyenga. Funsani tsiku lace; akalephera kulionetsa, pitirirani, pakuti safunsa anadya phula.