Khalidwe labwino limaphunzitsidwa ngati kuwerenga

Mwana akalephera kuwerenga, mphunzitsi amabwerera naye pa a, e, i, o, u mpaka adziwe. Koma mwana yemweyo akatukwana mnzake, ambirife timathamangira kukathyola mkwapulo kapena kumupatsa chibalo chokumba dzenje. Kodi, abale ndi alongo, chifundo ndi ulemu sizifunanso kuphunzitsidwa?

Funso limeneli ndilo linavutitsa akatswiri a maphunziro ku America, monga George Sugai ndi Robert Horner, pamene anali pa yunivesite ya Oregon m'zaka za m'ma 1990. Iwo anathandiza kukonza njira yoti sukulu yonse iziphunzitsa khalidwe ndi mawu amodzi. Aphunzitsi amagwirizana malamulo ochepa, atatu mpaka asanu, monga kukoma mtima, kusamala moyo ndi kusataya mtima zinthu zikavuta. Kenaka amawaonetsa ana tanthauzo la lamulo lililonse pamalo pake: momwe timadikirira pamzere, momwe timasewerera osavulazana, chimene timachita tikaona wamng'ono akuzunzidwa. Mwana akachita bwino, amamuyamikira pomwepo, n'kutchula chimene wachitacho.

Njirayi ili ndi magawo atatu. Ana onse amaphunzitsidwa malamulowo. Ochepa amene akuvutikabe amathandizidwa m'timagulu, kapena amaonana ndi mphunzitsi mmodzi m'mawa ndi poweruka. Otsala, amene mavuto awo ndi aakulu, amathandizidwa payekhapayekha, makolo alipo, pofufuza chimene chikuyambitsa vutolo. Kawirikawiri mwana wandewu amakhala kuti wagona ndi njala, waferedwa, kapena akuona nkhanza kunyumba.

Ena adzati: "Ife tinakula ndi chikoti ndipo tinaongoka." N'zoona kuti Malemba amalamula makolo kulanga ana, ndipo njirayi sichotsa chilango, wolakwa amakonzabe chimene waononga. Koma tikumbukire kuti ndodo ya mbusa ya mu Salimo 23 ndi yotsogolera ndi kuteteza nkhosa. Pa Aefeso 6:4, Paulo akuchenjezanso atate kuti asapsetse ana mtima. Mwana woopa chikoti amangodikira kuti mphunzitsi atuluke. Amene wamvetsa chifukwa cha lamulo amalisunga ngakhale ali yekha.

Taonani mmene Ambuye anachitira ndi Petro mu Yohane 21. Munthu amene anawakana katatu anamubweza, namupatsanso ntchito yoweta nkhosa zawo. Mwana amene waona kuti kugwa sikumutayitsa malo ake pakati pa anzake amaphunzira kudzuka n'kuyesanso.

Kuno kwathu vuto ndi kuchuluka kwa ana. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100, ndipo amene watopa amafikira msanga mkwapulo. Komatu kugwirizana malamulo atatu sikufuna ndalama. Mipingo yathu ili ndi sukulu zambiri, ingathe kuyamba. Inunso makolo, pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi funsani kuti sukuluyo ikuphunzitsa makhalidwe ati, ndipo mukawabwereze kunyumba ndi ku Sande Sukulu.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Sabata ino, mukaona mwana wanu akugawira mnzake chakudya kapena akubwereza samu imene inamukanika, mutchuleni dzina ndipo mumuuze kuti mwaona.