Madzi obiriwira a m'damu ndi chakudya cha nsomba, osati akumwa

Amene amagula ndiwo pamsika wa Limbe akudziwa kuti chambo masiku ano n'chodya pakutha pa mwezi. N'chifukwa chake mabanja ena m'madera ozungulira Blantyre akumba madamu a nsomba kuseri kwa nyumba. Sitingawanene. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira, ndipo nsomba ndi ndiwo yomanga thupi.

Koma vuto limayamba pa tiana ta nsomba. Kamlamba kakaswa, kamakhala masiku pafupifupi atatu kakudya zotsalira za dzira lake. Zikatha, kamwa yake imakhala yaing'ono moti madeya sangalowemo. Kamafuna tizilombo tamoyo tosambira m'madzi, tina tosakwana theka la milimita, tooneka bwino pa makina oonera tizilombo ngati a ku labotale. Kakatisowa, kamafa kapena kudyedwa ndi anzake.

Malo oswetsera nsomba m'mayiko ambiri amagula mazira ouma a Artemia, ena mwa iwo ochokera ku Great Salt Lake ku America. Amaswa m'madzi amchere pakatha tsiku limodzi. Kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlimi wamng'ono sangayerekeze kuwagula. Njira yake ndi manyowa. Zitosi za nkhuku zikathiridwa m'damu, ndere zosaoneka zimachuluka, madzi amabiriwira, tizilombo tija timadya nderezo, nsomba n'kumadya tizilomboto. Mukapisa dzanja mpaka pachigongono chikhatho n'kusaoneka, manyowa akwana.

Apa ndi pomwe ife azachipatala timada nkhawa. Zitosi zimanyamula majeremusi otsegula m'mimba, ndipo kubiriwira kumabisa zambiri. Damu la udzu m'mbali ndi nyumba ya nkhono zofalitsa likodzo; mwana mmodzi wodwala akakodzeramo, osamba onse ali pachiopsezo. Chimbudzi chikayandikira, mvula imakokololera zonyansa momwemo, ndipo sitinaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023 yomwe idapha anthu oposa 1,700.

Mavolontiya, mukamayendera makomo funsani za damu monga momwe mumafunsira za chimbudzi. Kodi ndi lotchingidwa? Udzu akulambula? Mbale akutsukira kuti? Wothira manyowa asambe m'manja ndi sopo asanagwire mwana kapena mthiko, ndipo ndowa ya kudamu isalowe kukhitchini.